Chitseko cha Bambo

Tolatola anali pamwamba pa makwerero, waya ali kukamwa, pamene chitseko chachikulu cha holo chinatseguka n'kukamenya khoma kuti phoo. Iye sanacheuke n'komwe. Ankayesa ndi mayi woyang'anira holoyo, amene kuyambira m'mawa ankangolowa ndi kutuluka, foni ili kukhutu, ngati nkhuku yosowa poikira. Mawa lake linali tsiku lotsegulira chionetsero, ndipo ntchito inali idakalipo yambiri.

Ntchito ya Tolatola inali yovuta kuifotokoza, ngakhale kwa abale ake enieni. Sankajambula ndi penti, sankasema ziboliboli. Iye ankatola zinthu zimene anthu ataya n'kuzisanja m'chipinda, kuti munthu akalowamo aone zimene amakana kuziona panja. Lamulo lake linali limodzi: sankagula, sankapempha, sankafunsa. Ankati chinthu chopempha chimabwera ndi manyazi a mwini wake, koma chotayidwa chimanena zoona. N'chifukwa chake ankapita kokatola nthawi imene kulibe anthu, ndipo dzina lakuti Tolatola linamukakamira mpaka lenileni linaiwalika.

Ulendo uno anatola zitseko. Kuseri kwa phiri, kumene iye anabadwira, kampani yophwanya miyala inali pa kalikiliki kugumula nyumba ndi kuzula mitengo, ndipo eni ake inawathamangitsira m'matenti kutsidya kwa msewu. Tolatola zinamupweteka mumtima. Anatuta dothi lofiira la kumeneko n'kulimwaza pansi ponse mu holo. Anabweretsa zitsa za mitengo ya mango, mizu ili m'mwamba, ndi mabotolo a madzi a mumtsinje umene tsopano unkayenda matope okhaokha. Pamwamba pa zonsezo anapachika zitseko kudenga ndi mawaya, zili lendelende, zopanda khoma, zopanda nyumba. Kukalowa kamphepo zinkatembenuka pang'onopang'ono.

Pakati penipeni panali chitseko chobiriwira cha nyumba ya malemu bambo ake. Chimenecho ndiye chinali mtima wa ntchito yonse, ndipo n'chimene anachijambula pa zikwangwani zoitanira anthu.

"Kumanzere pang'ono, mayi," anatero Kalipentala, mkulu wa imvi amene anamugwirira makwerero. "Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikukhoma zitseko m'makoma. Lero ndakalamba, ndikuyanika zitseko ngati zovala. Akazi anga akandifunsa ndimangoti ndili ku ntchito ya boma."

Tolatola anafuna kuseka, koma mawu ena anamutsekereza.

"Tsika."

Mawuwo anawadziwa asanaone nkhope. Anali achimwene ake, okonza njinga pa mphambano ya kumsika. Anaima pa dothi lofiira lija, malaya atanyowa ndi thukuta, tcheni cha njinga atachikulunga kudzanja lamanja, mbali ina ikulendewera. Awiriwa sanalankhulanenso kuyambira pa maliro a bambo awo, tsiku limene achimwenewo ananena pagulu kuti mlongo wawo amagwira ntchito ya amisala a pamsika. Koma taonani kupusa kwa mtima wa munthu: Tolatola atawaona anasangalala. Anayesa abwera kudzaona.

Analavula waya uja. "Achimwene, mwabwera? Tikutsegula mawa, koma inu mutha..."

"Ndati tsika, mbava iwe."

Achimwene sanadikire kuti atsike. Anaponda makwererowo ndi chidendene, ndipo anapulumuka m'manja mwa Kalipentala. Tolatola anaona denga likuzungulira, kenako anagwa chammbali kuti khu, phewa n'kumenya pa chitsa. Mpweya unamuthera. Dothi linamulowa m'kamwa ndi m'maso, ndipo asanadzuke anamva tcheni chikulira m'mwamba. Mabotolo a madzi aja anaphwanyika motsatizana, magalasi ali balala, matope n'kuyenderera pansi.

"Bambo, bambo, tiyeni tikambirane," anatero Kalipentala, manja ali m'mwamba.

Achimwene sanamuyang'ane. Analumpha n'kugwira m'munsi mwa chitseko chobiriwira, nayamba kuchikoka ndi thupi lawo lonse. Waya sanaduke. Denga linalira, fumbi linagwa, zitseko zina zonse zinayamba kugundana. Tolatola anakwawa pa magalasi n'kuwagwira mwendo.

"Musachithyole. Ndinachipulumutsa ine chimenecho. Akanachiponda ndi buludoza."

"Unachipulumutsa?"

Tcheni chinatsika pa mkono wake. Ululu wake unali wa moto, ndipo khungu linatseguka pomwepo, mafuta akuda a njinga n'kusakanikirana ndi magazi. Chinatsikanso pamsana. Kalipentala anawagwira achimwene m'chiuno chakumbuyo, koma mkulu wa imvi angalimbane ndi munthu wopopa matayala tsiku lonse? Anamugwedeza kamodzi, n'kumutembenukira, tcheni n'kumupeza pakhutu. Mkuluyo anakhala pansi mwadzidzidzi, atagwira khutulo, magazi akutuluka pakati pa zala n'kudontha pa kolala.

Apo ndiye Tolatola anapenga. Anatola muzu wa mango wonenepa ngati mpini n'kuwakhoma nawo achimwene ake pakhosi. Iwo anagwada, iye n'kuwagwera pamsana, kuwakanda kumaso, kuwang'amba malaya. Anagubuduzana m'matope ndi m'magalasi, ana a mimba imodzi, aliyense akufuna khosi la mnzake. Mayi woyang'anira holo anali atadzitsekera kale mu ofesi, akusuzumira pa kawindo.

"Phanani. Phananitu, ndikuonereni."

Amene analankhula anali mlamu wake, mkazi wa achimwenewo. Anaima pakhomo, mwana ali kumsana, phazi limodzi lopanda nsapato, akupuma mwabefu chifukwa chothamanga. Sanakuwe. Mawu ake anali ozizira, ndipo n'chifukwa chake anamveka.

"Buludoza yamaliza nyumba ya telala. Ikukwera mzere wa nyumba yathu. Inu muli pano kulumana ngati agalu."

Achimwene anamukankhira Tolatola kumbali n'kuimirira, akudzandira. Anayang'ana chitseko, anayang'ana makwerero othyoka, ndipo Tolatola anaona chinthu chimene sanachionepo chibadwire: achimwene ake akulira. Ankalira mosatulutsa mawu, kukamwa kuli yasa.

"Nyumba iti?" anafunsa Tolatola, akulavula dothi. "Alamu, nyumba ija inagwa kale. Ndinaiona ndi maso anga. Denga kulibe, makoma kulibe, kunangotsala khoma lakumaso ndi chitseko."

"Ndi loko," anatero mlamu. "Simunamuone loko?"

Anamuona. Loko uja anali pomwepo ngakhale tsopano, akulendewera pa chitseko pamwamba pa mitu yawo, watsopano, wonyezimira. Dzana masana, pamene kunalibe munthu, Tolatola anamasula mahinjesi, n'kuzula pa felemu kachitsulo kokolowekera loko kuti lokoyo asachoke pa chitseko. Loko ameneyo anamukonda kwambiri. Anaganiza kuti n'zomvetsa chisoni mokongola, munthu kukhoma nyumba yopanda makoma.

"Anthu a kampani atagwetsa makoma athu tinapita kukhoti," anatero mlamu, akumusuntha mwana kumsana. "Woweruza anati nyumba iliyonse imene chitseko chake chidakali chilili, chokhoma ndi loko, ndiye kuti mwini wake sanachoke. Asaikhudze mpaka mlandu uthe. Anabwera anthu a khoti, anajambula chitseko chilichonse pamalo pake. Achimwene anuwa m'mawa uliwonse amapita kukatsegula, amakhala pakhomo pang'ono kuti alonda awaone, amakhoma, ndiye amapita ku njinga zawo. Malo onse aja, ndi mitengo ya bambo anu, anali atagwira pa chitseko chimenechi."

"Sindinadziwe."

"Mukanadziwa bwanji? Matenti athu ali kutsidya kwa msewu pomwepo. Munadutsa. Tinafunafuna kwa ogula zitsulo, kwa ogulitsa nkhuni, tikuyesa ndi akuba. Tinaika lata pakhomopo, alonda analichotsa, akuti si chimene chili pa chithunzi cha khoti. Lero m'mawa ndi pamene achimwene anu achiona pa chikwangwani chanu, pa mtengo wa magetsi. Safunsa anadya phula, alamu. Koma phula limeneli mwatidyetsa ife."

Tolatola anamva manyazi ndi mantha nthawi imodzi. Anakoka tebulo, anaikapo mpando, anakwera ndi mkono wake wochucha magaziwo, n'kudula waya ndi pulayala. Achimwene anachilandira chitsekocho pachifuwa osamuyang'ana.

"Tengani hamala ndi misomali m'chikwama changamo," anatero Kalipentala ali pansi pomwepo, atatsamira chitsa. "Za mahinjesi musavutike nazo, mungochikhomerera. Ine ndikhale kaye, holo ikuzungulira."

Anachigoneka pa keriyala ya njinga ya achimwene, imene inali panja, n'kuchimanga ndi mphira. Achimwene anagwira mahandulo, Tolatola anagwira kumbuyo, nayamba kuthamanga. Anadutsa pa malo okwerera mabasi, anthu akuwapatukira ndi kuwaloza, anthu awiri amagazi okhaokha akuthamangitsa chitseko. Wina anaseka n'kufunsa ngati nyumbayo ikubwera m'mbuyo. Anakwera chitunda cha kuseri kwa sukulu, mapapo akupsa. Mlamu anatsalira kutali ndi mwana.

Phokoso la buludoza analimva asanaione. Atatulukira pamwamba, Tolatola anaona malo amene anakulira ali mbee, dothi lofiira lokhalokha ndi milu ya njerwa. Apa ndi apo panali khoma limodzi ndi chitseko chake, zokhoma, zosakhudzidwa. Khoma la bambo awo linali lidakali chilili, pakati pali bowo la khomo, kuseri kwake kuli mitengo ya mango. Buludoza inali itatembenukira kumeneko, ndipo alonda a kampani, ovala zakuda, anaizungulira ndi zibonga.

Achimwene anaigwetsa njinga, anadula mphira ndi mano, n'kusenza chitseko pamsana. Anathamanga chowerama, miyendo yokha ikuoneka pansi pake. Tolatola anawatsatira ndi hamala.

Mkulu wa alonda, munthu wamfupi wa khosi lonenepa, anawatchingira njira.

"Kuno kulibe njira, akulu."

"Ndi nyumba yanga. Nachi chitseko chake. Chili pa chithunzi cha khoti."

"Chitseko chili pamsana si chitseko," anatero mkuluyo. "Nyumba ino tinaijambula dzulo ilibe kanthu. Inasiyidwa."

"Ndinachichotsa ndine," anatero Tolatola. "Iwowa sanachoke. Ndine ndinalakwa, ndikanena kukhoti."

"Mukanene, mayi. Khoti silinasamuke."

Mkuluyo anakweza dzanja kwa woyendetsa buludoza kuti apitirize. Achimwene anaweramitsa mutu n'kumugunda mkuluyo ndi nsonga ya chitseko pachifuwa, mpaka anagwa chagada. Pamenepo zibonga zinayamba. Zoyamba zinagwera pa chitseko, gu, gu, gu, koma wina anawatchera mwendo, ndipo atagwa zinawapeza m'nthiti, m'mawondo, kumutu. Ankawaponda ndi majombo. Tolatola anamulumphira mlonda wina kumsana n'kumuluma dzanja mpaka anamva mchere wa magazi m'kamwa. Mlondayo anakuwa, n'kumumenya ndi chigongono pamphuno. Wina anamulanda hamala n'kuiponya kutali, wina anamukoka tsitsi n'kumugwetsera pa njerwa. Chibonga chinamupeza pachipumi, ndipo dziko linachita mdima kwa kanthawi.

Atatsegula maso anaona zonse chammbali, kudzera m'magazi. Alonda anali atatanganidwa kudzutsa mkulu wawo. Achimwene anali akukwawa, akukoka chitseko ndi dzanja limodzi. Anafika pakhomo. Anagwada, anachiimika, anachikankhira mu felemu ndi phewa, ndipo chinalowa bwinobwino pamalo pake, monga chinkalowera zaka zonse. Panalibe msomali, panalibe hamala. Anachigwira ndi dzanja lamanja pamodzi ndi felemu, n'kutembenukira kwa woyendetsa.

"Chilipo," anakuwa. "Taonani, chilipo."

Kaya woyendetsayo anaona, kaya fumbi linamutchinga, palibe amene akudziwa. Buludoza inali itafika kale kumapeto kwa khoma, ndipo inangoligunda pang'ono. Khomalo linapendekeka lonse pamodzi, linaima kaye ngati likuganiza, kenako linagwa. Achimwene anadziponya chammbali, koma dzanja sanalichotse.

Injini inazima. Woyendetsa anatsika n'kuyamba kuyenda chobwerera, kenako anathamanga. Alonda anayang'anizana n'kuyamba kusuntha mmodzimmodzi. Kunangotsala mawu a achimwene, mawu amene Tolatola sanadziwe kuti munthu angatulutse. Anakwawira komweko n'kuyamba kuchotsa njerwa ndi manja. Anthu a m'matenti anawoloka msewu n'kumuthandiza kutukula mtanda wa simenti wa pamwamba pa khomo. Chimene anachipeza pansi pake sichinkaoneka ngati dzanja. Chitseko chinali chitasweka pakati, mitengo ya mango ikuoneka poyera, popanda chotchinga.

Kuchipatala anamusoka Tolatola pachipumi ndi pamkono, n'kumusiya pa benchi ya m'khonde. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Dokotala atatuluka anauza mlamu kuti moyo ulipo, nthiti zidzapola, koma zala zimene zatsala sizidzagwiranso sipanala. Mlamu anangogwedeza mutu, n'kumuyamwitsa mwana.

"Alamu, ndingalowe ndikawaone?"

"Ndawafunsa kale. Atembenukira kukhoma."

"Mubwere mukakhale kwanga, inu ndi ana. Chipinda chilipo."

Mlamu anamuyang'ana nthawi yaitali, mopanda ukali, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa tcheni. "Amati chibale ndi fupa, sichiola. Mwina n'zoona. Koma lero mutisiye. Pitani ku zitseko zanu."

M'mawa mwake Tolatola anapita ku holo, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka. Anapeza Kalipentala atafika kale, khutu lili m'bandeji, atagwira tsache koma asakusesa. Mayi woyang'anira holo anali atamuletsa.

"Musakhudze kanthu," anatero mayiyo, akuyenda monyang'ama pakati pa magalasi. "Pepani kwambiri ndi zadzulo, ndamva zonse, ndipo usiku sindinagone. Koma taonani nokha. Magazi pa dothi, mabotolo osweka, waya wopanda kanthu pakatipo. Panopa ndiye zikulankhula. Atolankhani akubwera masana, ndawauza kale."

"Magazi enawo ndi anga, mayi," anatero Kalipentala. "Mundilembe dzina pa chikwangwani."

Tolatola sanawamve. Anali atayamba kuyenda pansi pa zitseko, mutu uli chagada, akuyang'ana chimodzichimodzi ndi diso lake limodzilo. Chabuluu chinalibe kanthu. Cha malata chinalibe kanthu. Chachitatu, chamatabwa osapala, chokhala ndi manambala olembedwa ndi choko cha ana, chinatembenuka pang'onopang'ono, ndipo kuseri kwake kunali loko. Anapitirira. Kumapeto, pafupi ndi windo, kunali china chofiirira, nachonso ndi loko wake. Zimenezo anazitola sabata yatha, pa mzere wa kumunsi, kumene dzulo anaona kuli mbee.

Anakhala pa chitsa. Eni ake a zitseko zimenezo sanabwere ndi tcheni. Sanadziwe n'komwe kuti abwere kwa yani.

"A Kalipentala, kokerani tebulo kuno."

"Mukutani?" anafunsa mayi wa holo. "Anthu akubwera masana."

"Abwere. Muwaonetse dothi."

Anadula mawaya, n'kutsitsa zitseko ziwirizo. Kalipentala anabweretsa ngolo yake yokankha, anazigoneka, anazimanga. Atafika pakhomo mkuluyo anaima.

"Mayi, mukudziwa kuti nyumba zimenezi zinagwa kale? Madzi akatayika saoleka. Ndipo anthu aja akamva kuti ndinu, dzulo lija likhala masewera."

"Ndikudziwa."

"Ndikuperekezeni?"

"Ayi. Khutu mwatsala nalo limodzi."

Anakankha yekha. Mkono wosokedwa unayambanso kukha magazi asanafike pa chitunda, koma sanaime. Kumatenti anafika dzuwa lili pamutu. Amayi ankachapa m'mabeseni, amuna atakhala pa njerwa zimene anapulumutsa, ana akuthamangitsana pakati pa zingwe. Ataona ngolo, onse anasiya zimene ankachita. Ena anali omwe aja anamuthandiza kutukula simenti dzulo.

Tolatola anamasula zingwe, anaimika zitseko ziwirizo motsamira ngolo, maloko akuyang'ana kwa anthu. Chiyambireni ntchito yake anali asanafunsepo funso limeneli.

"Zitseko izi n'za yani? Ndinazichotsa ndine."

Bambo wina wamtali, amene ankanola chikwanje pa mwala, anaimirira pang'onopang'ono osachisiya pansi. Kumbuyo kwake mayi wina anapukuta manja pa chitenje, anapisa m'khosi, n'kutulutsa kiyi womangirira pa kachingwe. Onse awiri anayamba kubwera, ndipo Tolatola anaima pomwepo n'kuwadikira.